A Venansio ndi Kubiriwira kwa Galimoto za Asilikali

Lamlungu lapitali anatchula dzina la a Venansio pa Misa, popeza chaka chakwana chimwalirire iwo. Padiri anatulukira atavala chovala chobiriwira monga mwa nyengo yake, ndipo ine ndinapezeka ndikudikira chigongono m'nthiti mwanga. Tinkakhala benchi imodzi, ndipo chovala chimenecho chikangoonekera pakhomo, ankandigunda n'kunong'ona kuti amene anachinyika anachulutsa buluu. Ankanena zimenezi nyimbo yolowera ili mkati, anthu onse ataimirira. Ndinkawayankha kuti tipemphere kaye, iwo n'kuvomera ndi mutu, maso akadali pa nsaluyo.

Sanali m'bale wanga. Mkazi wanga atamwalira nyumba inandikulira, ndiye masana ndikaweruka kumunda ndinayamba kumakakhala pakhonde pawo. Sanandifunsepo chimene ndinkadzera. Ankangokankha kampando ndi phazi, manja ali pa ntchito. Zimene ndikulemba pano zina ndinaziona ndili pa kampando kameneko, zina ndinaziona kumalire ku Kalomwe, kumene tinkapitira limodzi ine ndikamakagulitsa kachewere pa njinga.

Ntchito ya tinta, kapena kuti utoto, anaiphunzira ali mnyamata ku misiyoni ya Fonte Boa, kwa Irimau wina, bulazala wa mpingo, amene ankakonza zifaniziro za oyera mtima. Anapakapo zitseko za masukulu, zikwangwani za maloja ogulitsa katundu, ngakhale ngolo za alimi olemera a ku Domwe. Nkhondo itafika kuno kumapiri panalibenso wofuna chitseko chokongola, chifukwa chitseko chokongola chinkaitana alendo oipa. Masiku ena tinkagona kutsidya, mbali ya Dedza, n'kumabwera m'mawa kudzalima. Apo m'pamene a Venansio anayamba kusema tigalimoto ta asilikali: makamiyau onyamula anthu, ndi zigalimoto zachitsulo chokhachokha zija eni ake ankati bulindadu. Ankasema ndi mtengo wopepuka wa muwale, zitseko ndi mfuti n'kudula ku zitini. Kalikonse kanali kotalika ngati phazi la munthu wamkulu. Amalonda a ku Dedza ankagula pamalire n'kukagulitsa kwa azungu othandiza othawa nkhondo. Ndinawafunsapo ngati n'koyenera Mkhristu kusema zinthu zimene zikutipha. Anandiyankha kuti iwo amasema chimene chikudutsa pamsewu, ndipo tsiku limene padzadutse ngolo za ukwati zokhazokha adzasema zimenezo. Sindinakhutire, koma sindinabwerezenso.

Kusema ankakuona ngati ntchito ya wina aliyense. Mtima wawo unali pa mtundu. Ankadandaula kuti Chinyanja chathu n'chaulesi pa nkhani imeneyi: tsamba la nkhwani timati lobiriwira, ndere za pachitsime zobiriwira, ndulu ya mbuzi yobiriwira, galimoto ya asilikali nayonso yobiriwira, ngati kuti makolo amene ankatcha zinthu mayina ankathamangira kwina. Ankati kubiriwira kwa asilikali sikuchokera ku tinta wobiriwira ayi. Kumabadwa kwa wachikasu ndi wakuda. Anali ndi kachitini ka wachikasu kotsala pa ntchito zakale, ndipo ankakasamala kuposa mchere, umene masiku amenewo unali wosowa. Wakuda ankamupeza pophwanya mabatire akutha a wailesi n'kupera makala a mkati mwake pamwala. Ankathiramo katondo pang'ono kuti mtunduwo ufunde, ndi phulusa loyera la zitsononkho kuti uzime. Katondoyo ankamusefa pa nsalu, ndipo akazi awo, mayi Rozalina, anakangana nawo sabata yonse atapeza kapulana yawo, chitenje chovala ku tchalitchi, yadulidwa m'mphepete. Iwo anadziteteza ponena kuti nsalu zina zonse m'nyumbamo zinali ndi maso akulu. Zonsezi ankasakanizira pa chidutswa cha mbale ndi nthenga ya nkhuku, akudonthezera mafuta a nyale. Madzulo sankasakaniza. Ankati dzuwa likamalowa limakhala mboni yonama, limafiiritsa chilichonse.

Pali chinthu chimodzi chimene anandiphunzitsa, chimene ndimachikumbukira ndikayang'ana phiri la Domwe. Ankati kanthu kakang'ono diso limakaona ngati chinthu chachikulu chimene chili patali, ndipo chinthu chikakhala patali mtundu wake umatuwa, monga limatuwira phiri. Choncho ukapaka kagalimoto mtundu weniweni wa chigalimoto chachikulu, kamaoneka kakuda ngati kagwera m'thope. Umayenera kuuchepetsa mphamvu mtunduwo. Kuchepetsa mpaka pati, umisiri wonse unali pamenepo. Akamaliza kupaka ankaika kagalimotoko pa mtondo pabwalo, n'kubwerera chambuyo mpaka pa nkhokwe atatsinzina diso limodzi, ndipo kawirikawiri ankabwerako akupukusa mutu.

Sindinganene za a Venansio osatchula a Tome, msuweni wawo, mwana wa amalume awo. Nawonso anaphunzira kwa Irimau yemweyo, nawonso ankasema tigalimoto, ndipo pamalire ankayala katundu wawo moyang'anizana, msewu uli pakati. A Tome anali munthu wanthabwala, wa manja achangu. Tinta wawo ankamupeza wosakaniza kale kwa mnzawo wa ku Dedza, wobiriwira wowala, n'kupaka momwemo. Tigalimoto tawo tinkanyezimira, ndipo ogula ankayamba kuima kwa iwo. Poyamba ndinkaganiza kuti chimene chinkawapweteka a Venansio ndi ogulawo. Sichinali chimenecho. M'dera lonse, munthu wina wodziwa ntchitoyo anali a Tome okha, ndipo a Venansio ankafuna kumva kuchokera pakamwa pawo, kamodzi kokha, kuti mtundu woona ndi wa Venansio.

Koma mukudziwa mmene chisuweni chimakhalira kwathu kuno. Msuweni akhoza kukunyoza pagulu, kukulanda chipewa, kunena kuti mkazi wako anakukwatira ali m'tulo, iwe n'kungoseka. Ukakwiya wopepera ndiwe, ndipo palibe bwalo limene lingakumvere. Ufulu umenewu a Tome sankaugoneka.

"Msuweni, lero waphika chiyani?" ankafuula ali kutsidya kwa msewu. "Ndi galimoto zimenezo kapena nkhwani wadzulo?"

"Zakozo zikanakhala zenizeni asilikali akanatha kale," a Venansio ankabweza. "Zikuwala ngati mbale ya mkwatibwi. Adani akanaziona ali ku Tete."

"Koma zikuyenda, msuweni. Zakozo katenge ukathire nsinjiro."

Anthu ankaseka, a Venansio nawonso ankaonetsa mano. Koma pobwerera amene ankayenda nawo ndinali ine. Njira yonse nkhani inkakhala ya a Tome: kuti sadziwa kugwira nthenga, kuti mawilo awo ndi opendama, kuti tinta wa ku Dedza ndi wopakira zitseko za zimbudzi. Wogula akaima kwa a Tome, iwo ankadziwa ngakhale atayang'ana kwina; khosi lawo linkauma. Pa Misa, nthawi yopatsana mtendere, ankagwira dzanja la msuweni wawo n'kulitembenuza pang'ono kuti aone mtundu umene watsalira m'zikhadabo. Mayi Rozalina ankati bola akanakhala pa mitala, popeza mkazi mnzako umadziwa kumene ungamupeze, kusiyana n'kugona ndi mwamuna wobwebweta za msuweni wake.

Nsanje imeneyi sinayambire pa tigalimoto. Anandifotokozera kamodzi, osandiyang'ana. Ali anyamata ku misiyoni, Irimau uja anafuna woti apake mwinjiro wa chifaniziro cha Amayi Maria chikondwerero chisanafike. A Venansio anataya masiku akufunafuna buluu woyenera. A Tome anangotsegula chitini n'kupaka, ntchito n'kutha tsiku lomwelo, Irimau n'kuwasisita pamutu anyamata onse akuona. Pamene ankandiuza zimenezi tsitsi lawo linali litayera kale, koma ankazinena ngati zachitika dzulo. Ankadziwa kuti ndi tchimo, ndipo ankaliulula. Ankati nsanje yawo ili ngati dawe wa m'dimba: uzula lero, mvula ikangowaza wamera. Akatero ankausa moyo, n'kubwereranso ku nkhani ya mawilo a a Tome.

Ana a masiku ano anawadziwa ali nkhalamba yosaponda pakhomo pa msuweni wake, ndipo ena amadabwa akamva kuti msuweni yemweyo ndi amene anapulumutsa moyo wawo. Kuti zimveke ndiyenera kubwerera ku tsiku la bulindadu.

Inali nyengo yozizira, chifunga chitangochoka. Gulu la asilikali a boma linaima ku Kalomwe, ndipo bulindadu imodzi anaiimika pafupi ndi pamene tinkayala malonda. Tinali tisanaionepo pafupi choncho. Nthawi zonse zinkadutsa mothamanga, ife titapatukira kutali. Anthu anayamba kulongedza mwakachetechete. A Tome, akumanga mtolo wawo, anaponya mawu.

"Si iyo mboni yafika, msuweni. Kaifunse ngati ndi nkhwani."

Inali nthabwala ngati za masiku onse. Ine ndinali kumangirira thumba pa njinga, ndipo nditatembenuka ndinaona a Venansio ali kale pambali pa chigalimotocho, atagwada, kampeni kawo kosemera kali m'manja. Anapukuta fumbi ndi malovu n'kuyamba kupala kachidutswa ka tinta pansi pa chitseko, dzanja lina atatchera kuti kasagwe.

Msilikali anawagwetsa ndi kumbuyo kwa mfuti. Masiku amenewo munthu wogwada pambali pa galimoto ya asilikali, chitsulo chili m'manja, ankaganiziridwa zinthu ziwiri zokha: kutchera bomba, kapena kuzonda kuti akauze adani a m'tchire. Anawamanga manja kumbuyo n'kuwakhazika pafumbi. Kunabwera mkulu wawo, tenenti, mnyamata wa kum'mwera wosamva Chinyanja, wotopa, maso ali psuu.

Akanakhala chete mwina zikanapepuka. Koma a Venansio Chipwitikizi ankachidziwa bwino, cha ku misiyoni, ndipo atafunsidwa chimene ankachita anayankha monyadira. Anati galimoto za asilikali akhala akuziyang'anitsitsa kwa nthawi yaitali. Anati akudziwa imene ili ndi chitseko chopindika, imene anaisintha mawilo, imene imadutsa kawirikawiri ndi imene yasiya kuoneka. Iwo ankayesa kuti akuonetsa umisiri. Chipwitikizi changa n'chochepa, koma ndinaona nkhope ya tenenti ikusintha, ndipo ndinayamba Tikuoneni Maria chamumtima. Asilikali awiri anauzidwa kuti awakweze mu kamiyau. Amene ankakwezedwa motero sitinkawaonanso.

Amene anawoloka msewu ndi a Tome. Anabwera akuseka mokweza ngati munthu wochokera ku mowa, kagalimoto ka a Venansio kali kudzanja lamanja, kawo kali kumanzere.

"A tenenti, musaononge mafuta ponyamula uyu," anatero m'Chipwitikizi chothyokathyoka mwadala. "Ndi msuweni wanga. Mutu unazungulira kalekale ndi fungo la tinta. Kazitape amafunika maso, uyu alibe. Taonani nokha."

Anatenga kagalimoto ka a Venansio n'kukagunditsa pa chitsulo cha bulindadu, pamalo paja panapukutidwa ndi malovu. Kanaoneka kotuwa, kofooka, ngati kadwala. Kenako anaika kawo. Sikanafanane kwenikweni, koma kanali kakuda mofananako, ndipo kankawala ngati malo onyowawo.

"Zaka zonsezi akuyang'ana galimoto zanu, mtundu umene waona ndi umenewu! Mukamufunsa kuti padutsa chiyani, akuuzani kuti ng'ombe."

Msilikali wina anaseka, kenako winanso. A Tome anatembenukira kwa ife n'kufuula m'Chinyanja kuti, "Anthuni, si nkhwani uyu?" Ndipo ife tinaseka, ena misozi ili m'maso, popeza tinazindikira kuti kuseka kwathu ndiko chingwe chokokera munthu amene wagwera m'chitsime. Tenenti anatembenuzatembenuza kagalimoto kotuwako, anayang'ana mkulu womangidwayo, n'kulamula kuti amasulidwe. Kampeni analanda. Kagalimoto ka a Tome anakatenga n'kukaika kutsogolo mu kamiyau wake. Ka a Venansio anakaponya pansi.

Pobwerera a Venansio ndinawakweza pa njinga n'kumakankha, magazi atawaumira pakhutu. Titawoloka kamtsinje ka kumunsi kwa mudzi anatsegula pakamwa. Ndinkayembekezera kuti athokoza Mulungu.

"Amadziwa," anatero. "Tome amadziwa kuti kakang'ono sugunditsa pa chachikulu. Wachita dala."

"Inde achita dala, bambo. N'chifukwa chake mukupuma."

Anandiyang'ana ngati ndanena za mtengo wa nyemba.

"Pamaso pa anthu onse, a Benedito. Pamaso pa eni ake galimoto."

Atatambasula dzanja, kachidutswa ka tinta kaja kanali m'chikhatho, kochepa ngati njere ya dzungu. Anakafumbata nthawi yonse imene anali womangidwa.

Analibe kokadandaula. Mawu a msuweni alibe mlandu, ndiye awa analinso mawu amene anawaombola. Mayi Rozalina anapita okha kukathokoza atanyamula nkhuku, ndipo a Venansio atamva za nkhukuyo sanadye tsiku limenelo. Pamalire sanakayalenso malonda. Tigalimoto ankapatsira ine. Ndikabwerako sankafunsa za tawo. Ankafunsa kuti kwa Tome kunaima anthu otani, ananena chiyani, Tomeyo anandifunsa za iwo kapena ayi. Ndinkayankha zimene ndaona, mosawonjezera, ndipo yankho lililonse linkawapweteka. Masana ambiri ankathera pa chidutswa cha mbale chija, kachidutswa ka bulindadu kali pambali, akusakaniza, akupukuta, akuyambiranso.

Ndinapitapo kwa a Tome. Ndinawapeza akukhoma mawilo.

"A Tome, mawu amodzi okha. Kawauzeni kuti mtundu wawo uli bwino. Munthu uja akuwonda."

"Ine kuyamikira Venansio? A Benedito, mukufuna aganize kuti akufa? Msuweni akayamba kukulemekeza ndiye kuti kumanda akumba kale." Anaseka, n'kuwonjeza kuti, "Kamuuzeni kuti nkhuku yake ija inali yowonda ngati mwini wake."

Uthenga umenewo sindinakafikitse. Mwina ankanena zoona. Mwina nawonso anali ndi chawo chimene chinkawavuta mumtima. Ine sindidziwa za m'mitima ya anthu, ndipo woweruza alipo.

Nkhondo inatha, othawa anabwerera, azungu aja anapita, ndipo tigalimoto ta asilikali panalibenso wotifuna. A Tome anayamba kusema mipini ndi zipande. A Venansio anapitiriza kusakaniza ngakhale panalibe chopaka. Chifuwa chinawagwira m'nyengo yozizira n'kuwasautsa mpaka mvula itayandikira, ndipo atafooka a Tome anabwera kudzawaona. Ine ndinali momwemo. Anaima pakhomo la kuchipinda, chipewa chili m'manja.

"Dzuka iwe. Ukufuna kuthawa ndisanakuphunzitse ntchito?"

Wodwalayo anatembenuza mutu pa mphasa n'kuwayang'ana. Ankadikira, ndipo ndikukhulupirira kuti a Tome anaona kuti akudikira. Anatsegula pakamwa, anayang'ana kudenga, n'kunena kuti denga la nyumbayi linafoleredwa ndi munthu wakhungu. A Venansio anatseka maso. Anamwalira patapita masiku ochepa, atalandira masakramenti.

Pamaliro a Tome anachita zonse zimene msuweni amachita. Anavala jekete la malemu, anayenda ngati iwo, analankhula ngati iwo, anakalipira maluwa a pabokosi kuti mtundu wake ndi wolakwika, anthu n'kumaseka pakati pa kulira. Palibe amene akanawanena kuti alephera mwambo.

Mayi Rozalina anapita kukakhala kwa mwana wawo ku Domwe. Mwezi watha achibale anabwera kudzatenga zotsala, ndipo anatsitsa nkhuni zimene zinali zitaunjikidwa motsamira khoma la pakhonde. Kuseri kwake khoma lonse linali mizeremizere ya tinta, uliwonse wopakidwa ndi chala, kuyambira pofika munthu atakhala pansi mpaka pofika ataimirira. Yonse inali yobiriwira, koma panalibe iwiri yofanana. Azimayi anati alizire khomalo mvula isanabwere. A Tome anakana, ndipo anthu atabalalika anatsala ataima pamenepo nthawi yaitali. Kenako anawerama n'kuika chala pa mzere wina wa m'munsi, pakati pa yakalekale.

"Mtundu woona ndi uwu," anatero. "Anaupeza nkhondo ili mkati, chitsiru chimenechi, asanakapale n'komwe galimoto ija. Ine ndinayesa kuseri kwa nyumba yanga zaka zonsezi, sunanditulukire. Mumati wa m'chitini ndinkaugula chifukwa chokonda?"

Ananena zimenezi kwa ine, munthu amene mizere yonseyo ndimangoti yobiriwira.

Tsopano pakhondepo pamagona mbuzi za oyandikana nawo. Udzu wa denga wathothoka pakona ya kum'mawa, ndipo mvula yoyamba yatsitsa kale mizere ya pamwamba, yasanduka thope lotsetserekera pansi. M'dothi muli timaenje tiwiri pamene zidendene zawo zinkakhala. Mzere umene a Tome analoza uli m'munsi, pofika nthiti za mbuzi, ndipo pamenepo m'pamene zimadzikhula zikamabwera kudzagona.